Tsiku limene ndinakhalira thumba la mchenga

Mbiri ya dziko lino ikadzalembedwa mwachilungamo, idzanena kuti ine ndinapulumutsa anthu a kummwera kwa Mzimba. Sidzanena kuti ndinawapulumutsa ndi matako.

Koleji itandionetsa chipata, malume anandipezera ganyu ku kabungwe kena pa boma. Ntchito yake inali yokonzekera kusefukira kwa madzi. Ananditumiza kufupi ndi Manyamula, kumene kunali dibi lakale la ng'ombe lodzaza madzi a mankhwala ophera nkhupakupa. Kumunsi kwake kunali dambo, madimba ndi chitsime cha mudzi. Mtsinje ukasefukira, poizoni yenseyo akanatsikira kumeneko.

Tinkatunga madziwo ndi ndowa, kuthira m'migolo, kukweza pa ngolo, kukakhuthula m'dzenje lomata dongo kumtunda. Ngalande yotulutsira madzi m'dibimo tinaitseka ndi thumba la mchenga. Magolovesi analipo awiri, onse a dzanja lamanzere.

Tsiku lovuta linafika dibi lili pakati. Kumwamba kunada bii. Kapitawo wathu, a Kamwendo, amene anachokera ku Dedza, anayang'ana mitambo, kenako galimoto yawo.

"Chotsani thumbalo, atsike okha. Mvula itsuka."

"Atsikira m'madimba, bwana," ndinatero.

"Iwe wa koleji yosamaliza, chotsa!"

Mayi wina wolima dimba kumunsiko, NyaJere, anaika khasu pansi. "Ndapota, adada. Mphangwe zane zili kwenekuko. Ana adya chiyani?" Ankanena ndiwo zake zamasamba.

Ndinapita pathumbapo mwaulemu wonse, ndi kukhalapo.

"Dzuka!"

"Ndatopa, bwana. Maphunziro ochepa amalemera."

Anandikoka mkono, koma ine ndinaleredwa ndi mgaiwa. Anandiuza kuti ntchito yatha. Ndinayankha kuti ndiye bwino, tsopano ndakhala ngati mlendo. Galimoto inalira, iwo anapita.

NyaJere anakuwa, mudzi unabwera ndi ndowa ndi ngolo zina. Anatunga mvula ikuwamenya, ine ndili pompo, poti thumba linali litayamba kutha mphamvu ndipo chotsekera chenicheni ndinali ine. Mtsinje utafika, unapeza dibi louma.

"Yewo chomene," anatero NyaJere. "Mbwenu mungadzuke tsopano."

Ndinaphunzira kuti mvula sitsuka kanthu, imangosamutsira kwa mnzako wa kumunsi. Ntchito sindiilira. Ndimalira buluku langa, limene mankhwala anadya kumbuyo konse. Ndinaligula pa kaunjika ku Jenda, makwacha zana limodzi ndi makumi asanu.