Batire la Galimoto Yofiira

Fungo la petulo wosapsa bwino likandipeza, ngakhale pakati pa tauni, mtima umathawira ku Lungwena, chaka chimene ndinali mu Sitandade 8. Inali nyengo ya mwera. M'mawa mphepo inkabwera ndi fungo la usipa woyanika pathandala, n'kulisakaniza ndi utsi wa galimoto ya Ababa imene inkatsokomola pansi pa mtengo wa mango.

Ababa anali atakhalitsa ku Joni, moti ine ndinkawadziwa mawu a pafoni kuposa nkhope. Chaka chimenecho anabwera akuyendetsa okha galimoto yofiira, yakale koma yaliwiro, ya mimba yotsala pang'ono kukhudza pansi. Anaigula kwa bwana wawo. Anati za Joni zatha, tsopano aziyendetsa hayala, kunyamula akwati, odwala ndi amalonda opita ku boma. Amayi anangoti, "Insha Allah." Zimene sanatchule ndinazimva ndithu: galimotoyo ikakanika kutidyetsa, Ababa abwerera.

Kwathu kunalibe magetsi. Dzuwa likalowa, akachoka kumzikiti, Ababa ankatsegula boneti, kumasula batire ndi sipanala, n'kulinyamula mpaka pabalaza. Kwa anthu ankati akulibisa kwa akuba. Chenicheni chinali kababu kamene analumikiza ndi mawaya awiri kuti ine ndiziwerengera. "Za koloboyi zathera pano," anatero tsiku loyamba. "Asiyatu wanga sakalemba mayeso ndi mphuno zamwaye." Ndinanyada mpaka anzanga anayamba kundinena kuti ndayamba matama. Sankanama.

Koma kukacha, batire likabwezedwa, mavuto ankayamba. Injini inkalira, kunjenjemera, kuphulika pha! pha! kumbuyo, kenako zii. Nkhuku zinkabalalika. Ababa ankaponda mafuta mano ali gwa, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira. Chodabwitsa n'chakuti ikayenda mpaka ku boma n'kubwerako, madzulo inkafika ikulira mosalala ngati sinalakwepo kanthu. Mawa lake, yayambiranso.

Anasintha mapulagi. Anasiya kugula petulo wa m'zigubu, ati anyamata amathiramo palafini. Azakhali anga, amene nkhani iliyonse ankaipezera mwini wake, anati ndi nsanje ya anthu, galimotoyo aimanga. Ine ndinali ndi maganizo anga. Ndinkati ikusowa kwawo, ikudana ndi mchenga wathu, ndipo ikufuna kuwatenga Ababa kubwerera nawo. Popita kusukulu ndinkaisisita pa chitseko n'kuinong'oneza kuti ipirire. Ndinkaiopa, ndipo ndinkadana nayo.

Zinafika pachimake tsiku la ukwati wa mwana wa mwini magolosale wa kwathu. Galimoto anaikongoletsa ndi maliboni, mkwatibwi anakhala kumbuyo atafunda zoyera, manja atapakidwa utoto wa hina. Ine anandipanikiza pakona ngati woperekeza. Njira yonse inkadumphadumpha, ndipo pokwera mlatho wa Shire inaphulika kamodzi n'kuzimiratu. Akabaza anatizungulira akuseka. "Ya ku Joni imeneyo, bwana! Tikukwezeni panjinga?" Mkwatibwi anamutsitsa akulira n'kumukweza pa matola. Ababa anakankha galimoto okha, kofia itagwera mumsewu, osaitola. Sindinawaonepo aang'ono chotero.

Mbiri yoipa sichedwa. Kuchokera tsiku limenelo palibe anabweranso kudzafuna hayala. Komabe madzulo aliwonse batire linkalowa m'nyumba, kababu n'kuyaka, Ababa atakhala pamkeka kundiyang'ana ndikuwerenga. Mwera usanathe, galimoto ija anaigulitsa kwa mnyamata wina wa ku Blantyre, ndipo zotsatira za mayeso zinatuluka iwo atawoloka kale malire. Ndinakhoza. Ndinawauza pafoni, foniyo ikudukaduka.

Chaka chatha makaniko wina anandisinthira batire pa kagalimoto kanga, n'kundichenjeza kuti, "Mayi, masiku awiriwa mwina izichita ngati yazunguzika. Kompyuta ya injini yaiwala." Anafotokoza kuti injini imamwa petulo wosakaniza ndi mpweya pa muyeso wake. Ikamakalamba, paipi ikang'aluka n'kumalowetsa mpweya wambiri, kompyuta imaphunzira yokha kuwonjezera mafuta kuti muyeso ubwerere. Koma pa magalimoto akale, ukachotsa batire, zonse zimene inaphunzira zimafufutika.

Ndinamufunsa kuti nanga munthu akamalichotsa madzulo aliwonse? Anaseka. "Ndiye kuti m'mawa uliwonse ikuyambiranso Sitandade 1."

Ndinakhala m'galimotomo osailiza, manja ali pa chiwongolero. Ndili mwana ndinkati galimoto ija inakana kwathu. Chonsecho tsiku lililonse inkayesetsa kuzolowera, ndipo madzulo aliwonse Ababa, ndi manja awo, ankaifufutira zimene yaphunzira kuti ine ndiphunzire zanga. Akadali ku Joni, imvi zili mbuu, ndipo tikamacheza pafoni amanenabe kuti galimoto ija anthu anaimanga. Ine ndimangoti, "Eya, Ababa."