Mkanjo Umene Ndinabwereka

Chaka chachitatu ndikuphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya mishoni kunja kwa Chipata, ahedi anandipatsa ntchito yokonza sewero la tsiku la makolo. Masewero a zaka zonse ankangokhala a mowa ndi mitala. Ine, ndi matama anga a nthawi imeneyo, ndinati anthu awa aone kuti kunabwera mphunzitsi wowerenga mabuku.

Ndinasankha nkhani ya Nubiya, ufumu wa Akhristu akuda ngati ife tomwe, m'mbali mwa mtsinje wa Nailo. Asilikali achisilamu atalanda Igupto anafuna kulandanso Nubiya, koma anakumana ndi akatswiri a uta olasa m'diso mwenimweni, mpaka anabwerera. Ineyo pokhala mdzukulu wa mlaliki, nkhaniyi inkandikoma ngati kuti mivi ija ndinaponya ndine.

Mauta tinasema tokha. Chinasowa ndi chovala cha mkulu wa asilikali achisilamuwo, ndiye ndinakumbuka mnzanga.

Anali telala, Myao wachisilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ndipo makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ina mumsewu wa ku Mwami. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukasewera naye bawo. Ankandidya kosalekeza, uku akundiseka kuti sukulu yonseyi koma kuwerenga maenje kukundikanika. Suti yanga ya ukwati anasoka ndi iyeyo. Nditapempha mkanjo, anandifunsa kuti sewerolo ndi la chiyani. Ndinayankha kuti ndi la Asilamu ndi Akhristu akalekale. Bodza sindinaname, koma ndinkadziwa bwino chimene ndikusiya.

Anakondwa munthu uja. Anati wa masiku onse sungayenere pamaso pa anthu, ndipo tsiku lotsatira anandibweretsera mkanjo woyera wa malemu bambo ake, umene iye ankavala pa Idi pokha. Nanenso, chitsiru ine, ndinamuitana kuti adzaonere. Anatseka makina tsiku la malonda, nabwera ndi akazi ake, ndipo ndinawakhazika kutsogolo penipeni.

Mkanjo unavalidwa ndi wophunzira wamtali kuposa onse. Tinagwirizana kuti akalasidwa agwe, anzake amunyamule, basi. Koma amayi a mumpingo atayamba nthungululu, ana aja mitu inawazungulira. Anamukoka miyendo m'fumbi kuzungulira bwalo lonse, wina n'kumupondetsa phazi pachifuwa atakweza mtanda wa nsungwi. Anthu anaimirira. Ine ndinkaomba nawo m'manja, mano onse pamtunda, mpaka pamene ndinayang'ana mzere wa kutsogolo. Mnzanga anali chikhalire, maso ali pansi. Nyimbo yotsekera isanayambe, iye ndi akazi ake anali atapita.

Ahedi anandiyamikira, abusa anandigwira chanza ndi manja awiri. Mayi a kunyumba anachapa mkanjo uja katatu, koma dothi lofiira la kwathu kuno silimva sopo, ndiponso unali utang'ambika m'khwapa. Ndinausunga mwezi wathunthu. Ndinkadziuza kuti mbiri ndi mbiri, sindinaipeke ndine, wokwiya akwiye ndi mabuku. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi manyazi ndi mantha. Potsiriza mayi aja anaukulunga m'chitenje, nauika panjinga, nati ndisabwere nawo.

Ndinamupeza akusoka. Anandilonjera bwinobwino, nandipatsa mpando, koma bawo sanatulutse. Anafunyulula mkanjo, nalowetsa zala pong'ambika paja. Ndinayembekeza kuti andikalipire kuti nanenso ndipeze poyambira kudziteteza, koma ayi.

"Aphunzitsi," anatero, "nkhondo ija itatha, anthu aja anatani?"

Ndinalidziwa yankho, linali patsamba lotsatira la buku lomwelo. Ndinamuuza kuti anakhala pansi napangana mtendere, ndipo panganolo linakhala zaka mazanamazana, amalonda akuwoloka malire uku ndi uku. Anandifunsa chifukwa chake zimenezo sitinazione pabwalo paja. Ndinati nthawi inachepa. Limenelo ndiye linali bodza lenileni. Ndinazidula chifukwa anthu saimba nthungululu poona amuna awiri akukambirana.

Anapinda mkanjo uja pang'onopang'ono.

"Mukadafika pamenepo," anatero, "mkanjo wa bambo ukadakhala pampando."

Mawu oti pepani anali pakamwa pomwepa, koma kunabwera mayi wina ndi nsalu kuti ayezedwe, ine n'kupezerapo mpata wotsanzika. Ndinati ndidzanena Loweruka. Loweruka ndinati Loweruka linalo. Mvula isanagwe ndinamva kuti anasamutsa makina ake, anawoloka pa Mwami kubwerera kwawo ku Malawi, ndipo wa sitolo uja sankadziwa mudzi wake.