Woluma Zidendene

Mayi Simbi anayamba kusita zovala za anthu ali mtsikana, ndipo dzina lawo lenileni linapsera pansi pa simbiyo kalekale. Msewu wonse umangoti Mayi Simbi. Ntchito amagwirira kukhitchini kwa nyumba yawo ya pamwamba, pafupi ndi zenera. Malaya a akalaliki, mayunifolomu a anamwino, makatani a anthu odzimva, zonse zimakwera masitepe zili makwinya okhaokha n'kutsika zili see. Mwini wake yekha ndiye sanasalalepo. Miyendo inatupa ndi kuimirira, msana unapindika, ndipo padzanja lamanja pali zipsera zoti ngakhale iwo sakumbukira kuti chilichonse chinabwera liti.

Amuna awo, amene anthu amawatchulabe Adalaivala ngakhale anasiya basi kalekale, ankakhala pabalaza ndi wailesi. Pakati pa khitchini ndi balaza pali kolido yaifupi, yamdima. Musaganize kuti awiriwa anayambana, ayi. Kuyambana kumafuna mphamvu. Ana atakula n'kuchoka, mawu anangotha ngati sopo: lero katsala kachidutswa, mawa wapeza palibe, ndipo palibe amene wapita kukagula wina.

Galu anabwera mosaitanidwa. Kasitomala wina, mayi amene ankasamukira kutali, anabwera kudzatenga makatani ake atapanira kagalu m'khwapa, n'kupempha kuti amusungireko masiku angapo. Masiku angapowo sanathe mpaka lero. Kagaluko kanali ka mtundu wa kogi: thupi lalitali, makutu ali njo, miyendo ngati anaiwala kuimaliza. Adalaivala atakaona anaseka koyamba chaka chimenecho.

"Ameneyu matayala aphwa onse anayi," anatero.

Dokotala wa ziweto ndi amene anawatsina khutu kuti agalu amenewa ntchito yawo ndi kukusa ng'ombe, kuziluma zidendene kuti zisabalalike. M'nyumbamo munalibe ng'ombe. Munali anthu awiri, wina kukhitchini, wina pabalaza, ndipo kwa galuyo zimenezi zinali ziweto zosokera. Ankalowa kukhitchini n'kuwagwira Mayi Simbi chidendene ndi mano, osati mopweteka, kungowakumbutsa. Akamukalipira, ankathamangira pabalaza kukakoka buluku la Adalaivala. Uku ndi uku, zikhadabo zikulira pasimenti, osapuma mpaka onse awiri atakhala chipinda chimodzi. Akatero ankadzigwetsa pakati pawo n'kuusa moyo ngati munthu amene wagwira ntchito ndi zitsiru tsiku lonse. Anamutcha Kapitawo.

Motero tiyi wamadzulo ankamwera limodzi, osati chifukwa cha chikondi chosefukira, koma pofuna mtendere. Ndipo anthu akakhala moyandikana, pakamwa pamatseguka pokha.

"Galu wanuyu wanditafunira silipasi."

"Wanga? Nanga amagona pamapazi a ndani?"

Nkhani zake zinali zomwezo, koma zinawasunga zaka zambiri.

Kenako Kapitawo anakalamba, ndipo ukalamba wake unayambira kumbuyo. Mwendo umodzi unayamba kutsalira, kenako unzake. Dokotala anati ndi matenda a msana, sapweteka kwenikweni koma sachira. Galuyo sanamve zimenezo. Ntchito sanasiye. Ankadzikoka ndi miyendo yakutsogolo mukolido muja, thupi likukhula simenti, kupita kukatenga mmodzi kuti amufikitse kwa mnzake. Phokoso limenelo linkawalasa mtima Mayi Simbi kuposa kulira kwa mwana. Tsiku lina m'mawa anangoona Adalaivala akulowa kukhitchini, dzanja lina mpando, lina wailesi.

"Galu asavutike," anatero, osawayang'ana akazi awo.

Anakhala pafupi ndi filiji, wailesi ataichepetsa. Patapita masiku anayamba kupinda mapilokesi, mokhotakhota, moti Mayi Simbi ankachita kubwereza iwo akatuluka. Koma sanawaletse.

Vuto linali masitepe. Galu ayenera kutsika kukadzithandiza, ndipo kogi wokalamba amalemera ngati thumba la simenti lonyowa. Mayi Simbi anatenga thaulo lakale labuluu n'kulidutsitsa pansi pa mimba yake. Wina ankagwira mbali iyi, wina mbali inayo, Kapitawo akuyendetsa yakutsogolo monyadira ngati akuyenda yekha. Masitepewo ndi opanikiza, moti mapewa ankagundana.

"Kwezani mbali yanuyo."

"Ndakweza. Inuyo ndi amene mukuthamanga ngati mwaba."

M'mawa, masana, madzulo, tsiku lililonse, mvula kapena dzuwa. Tisanamizane, zinali zotopetsa. Zofunda za galu zinkafuna kuchapidwa kawirikawiri kuposa za makasitomala. M'nyumba munali kafungo kosamva sopo. Ubweya wake unkamatirira pa chilichonse, ndipo bambo wina wa masuti akuda anaupeza pakolala n'kusamutsa zovala zake osatsanzika. Mayi Simbi anatopa, kutopa kofika m'mafupa. Masiku ena akukwera masitepe ankalakalaka kuti zingotha, kenako ankachita manyazi n'kumupatsa galuyo kanyama ka m'mbale mwawo.

Zinathadi. M'mawa wina Kapitawo sanadye, ndipo Adalaivala atapita pabalaza kukatenga magalasi, iye sanadzutse ngakhale khutu. Anangowayang'ana akupita. Anamunyamula pa thaulo lomwe lija mpaka kwa dokotala, ndipo pobwerera ananyamula thaulo lokha. Mayi Simbi analichapa, n'kulisita. Thaulo amasita ndani? Koma analisita ndithu, n'kuliika pamwamba pa wadirobu.

Mpando uja unakhalabe kukhitchini masiku angapo. Kenako tsiku lina unapezeka wabwerera pabalaza, ndipo panalibe woti akautenge. M'nyumba munangoti zii. Mayi Simbi ankasita, chidendene chili tcheru kudikira mano amene sakubwera. Tiyi ankamuika pathebulo la pabalaza n'kubwerera kukamwa wawo ataimirira. Anamusowa galuyo, inde, koma chimene chinawaopsa n'chakuti anayamba kuwasowa amuna awo ali m'nyumba momwemo.

Ndiye tsiku lina Adalaivala anaima pakhomo la khitchini, osalowa.

"Achimwene andiitana. Akuti ndikawathandizeko kugalaja kwawo."

"Mukakhalitsa?"

"Ndikaona konko."

Achimwene awowo ndi bambo wofedwa mkazi, ali ndi chipinda chopanda munthu, ndipo amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Mayi Simbi sanafunsenso. Koma atalowa kuchipinda anapeza chikwama chili pabedi, ndipo pansi penipeni panali jekete lanyengo yozizira, pomwe kunja kunkatentha moti phula linkamata nsapato. Munthu wopita masiku ochepa satenga jekete lotero. Anakhala pabedipo kanthawi, manja ali pamaondo, simbi ikupsa yokha kukhitchini.

Mwana wawo womaliza, amene ndi namwino ndipo amamva matenda ngakhale pafoni, anatulukira Loweruka ndi katoni yoboola mabowo. M'katimo munali kagalu, makutu aakulu kuposa mutu.

"Amayi, ndi mtundu womwe uja."

"Wakuuza ndani kuti ndikufuna kulera? Ndalera inu, ndalera Kapitawo mpaka kumunyamula pathaulo. Ndatopa, mwanawe. Kameneka kadzandiika m'manda ndine."

"Mungokasungako masiku angapo."

"Mawu amenewo ndinawamvapo kale."

Anakalipa choncho, koma katoniyo sanaibweze. Pansi pa mtima anali ndi chiyembekezo chimene sakanachiulula ngakhale kwa mwana wawo: kuti kagaluko kagwira ntchito ya Kapitawo chikwama chija chisanatseke. Mwana atapita, anakaika pakati pa kolido n'kubwerera kukhitchini kukamvetsera. Kanagona pomwepo. Mawa lake anakayesanso. Kanakodza, n'kugona pambali pake. Mayi Simbi, mayi wamkulu wa zidzukulu, anafika povula silipasi n'kumagwedeza chidendene pamphuno pa kagalu. Kanachinunkhiza, kanayasamula, n'kupita kukatafuna chingwe cha simbi. Anakatcha Mlesi.

"Kadakali kakhanda, Amayi," anatero mwana wawo pafoni. "Kadzayamba kakakula."

Kakakula. Ngati kuti basi imadikira galu kuti akule.

Tsiku la ulendo linafika. M'mawa Adalaivala anabweretsa malaya awo kukhitchini, n'kuwaika pampando mwaulemu ngati kasitomala.

"Mungandisitireko awa? Ndinyamuka masana."

Anabwerera pabalaza. Mayi Simbi anayang'ana malayawo, anayang'ana Mlesi amene anali gada pansi pa sinki, mimba kumwamba, miyendo inayi ili m'malere. Mtima unawapsa. Anapsera mtima kagaluko, anapsera mtima Kapitawo chifukwa chofa, anapsera mtima mayi wa makatani uja kulikonse kumene ali. Kenako mkwiyo unatha, chifukwa nawonso umafuna mphamvu, ndipo anatsala ndi mantha okhaokha.

Anazula simbi. Anapinda thebulo lositira, limene silinachokepo pazenera paja chilowereni m'nyumbamo, n'kuyamba kulikoka mukolido. Linkagunda khoma uku ndi uku, miyendo yake ikukhula simenti. Adalaivala atamva phokosolo anadzambatuka, nkhope itasintha, ndipo kwa kamphindi onse awiri anadziwa chimene akukumbukira.

"Kodi kukhitchini magetsi avuta?"

"Ayi."

Soketi ya pabalaza inali yopanda kanthu, poti wailesi inali italowa kale m'chikwama. Analumikiza simbi pomwepo n'kuyamba. Kolala, mapewa, mikono, kumsana. Munthu amene amamaliza malaya madzi a tiyi asanawire, tsiku limenelo ankasita ngati akuphunzira. Adalaivala anakhala pampando, nsapato atavala kale, chipewa chili pabondo. Ankayang'ana wotchi yapakhoma, kenako pansi. Malaya onse atatha, Mayi Simbi anatenga oyamba aja n'kuwayalanso.

"Amenewo mwasita kale," anatero Adalaivala.

"Ndikudziwa."

Anawazapo madzi, simbi inalira, nthunzi inakwera. Anaimika simbiyo. Mawu atatuluka anatuluka okhakhala, ngati chitseko chosatsegulidwa zaka zambiri.

"Bambo, ine kuluma chidendene sinditha. Mano ake ndilibe, miyendo yothamangira mukolido ndilibenso. Kagalu kaja ndakadikira, n'kaulesi. Ndiye ndingonena ndekha. Musapite."

Adalaivala anatembenuza chipewa chawo, n'kuchitembenuzanso. Panja galimoto inadutsa. Kukhitchini Mlesi anagwetsa kanthu, mwina chivindikiro, koma palibe amene anadzuka.

"Ndimayesa ndimakutsekerezani malo," anatero potsiriza. "Mpando uja nditauchotsa simunanene kanthu."

"Inunso simunanene kanthu pouchotsa."

Sipanagwe misozi, sipanakhale kukumbatirana, anthu ake si amenewo. Adalaivala anawerama pang'onopang'ono, msana ukudandaula, n'kumasula zingwe za nsapato.

"Basi ya mawa iliponso," anatero.

Mawa lake ananenanso chimodzimodzi, ndipo akunenabe. Chikwama sanamasule, anangotulutsamo wailesi, imene tsopano imalimbirana soketi ndi simbi, ndipo mkangano umenewo umawatengera m'mawa wonse. Mlesi wakula, koma ntchito sanaiyambebe. Chimene anachita n'kutafuna lamba wa chikwama chija kuseri kwa chitseko mpaka kuduka. Adalaivala anamuona lambayo, anamugwiragwira, nati adzapita nacho kwa osoka nsapato akadzapeza mpata.

Mayi Simbi miyendo ikuwatupabe, ndipo ubweya wayambanso kupezeka pamakolala. Madzulo amatsitsa Mlesi pamasitepe onse awiri, ngakhale galuyo amatha kutsika yekha bwinobwino. Thaulo labuluu likadali pamwamba pa wadirobu. Mwana wawo atabwera anafuna kulitenga kuti azikapukutira galimoto, koma mayi ake anamulanda.

"Lisiye," anatero. "Limenelo ndi logwira anthu awiri."