Tsiku limene munasinja nshawa pabwalo

Bambo a Tisa, lero mdzukulu wanu walawa phala koyamba, ndipo mtima wanga wabwerera ku Zemba, chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Tisa wathu anali ndi miyezi isanu ndi itatu, sikelo ikungotsika. Abale anu anati ndi tsempho, ati ndinayenda ndi mwamuna wina, ndibwerere kwathu. Inu munatenga nshawa zimene tinasungira mbewu n'kuyamba kusinja nokha pabwalo, amuna anzanu akuseka kuti ndinakudyetsani mankhwala. Munathira nsinjirozo m'phala, n'kuswera dzira, monga anatiuzira anesi kusikelo. Alongo anu atakuwa kuti dzira limadwalitsa mwana khunyu, munati, "Mwanayu ali ndi njala basi. Wofuna kuchotsa mkazi wanga ayambe wachotsa ine."

Tsiku limenelo anadya masipuni atatu okha, mawa lake asanu. Amene ankandinena aja sanapepese mpaka lero, ndipo sindikuwadikira. Tisa ali moyo, ndi mayi tsopano. Inu munapita msanga, koma ine pakhomo panu sindinachoke, ndipo palibe adzandichotse.