Madontho Asanu pa Chitini cha Mkaka

Anthu a mu msewu wa kuseri kwa msika ankangowatcha a Khokhokho, chifukwa ndilo phokoso limene linkatuluka m'kashedi kawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anali mmisiri wa malata. Zidebe, masefa, makeni othirira mbewu, mapoto obooka pansi, zonsezo zinkadutsa m'manja mwawo. Zaka makumi atatu akutseka mabowo a eni ake, koma kamodzi pa chaka ankaboola dala, ndipo wowatuma anali mkazi wawo.

Mayiwo ankaphunzitsa pa sukulu ya mkaka, ndipo chaka chilichonse ankakonzera ana sabata ya zakumwamba. Ana ankamata thonje pa pepala labuluu kuti ikhale mitambo. Ankadula mwezi pa katoni. Ankapopa baluni, kuimatira ku kapaipi kolowetsedwa pa ulusi, n'kuisiya ithamange kuchokera ku chitseko mpaka ku bolodi, ati roketi imeneyo. Koma chimake cha zonse chinali Lachisanu, tsiku la zitini. Mayiwo ankatolera zitini za mkaka, pansi pa chilichonse n'kudonthezapo madontho asanu a inki yabuluu, mmene zimakhalira nyenyezi zina zooneka ngati mtanda wopendekeka. A Khokhokho ankangoika msomali pa dontho, kho! Dontho lapita, bowo latsala. Kusukuluko ana ankalowetsa tochi m'chitini, nyenyezi n'kuonekera kudenga. Oboolawo anali asanapiteko n'kamodzi komwe kukaona.

Chaka choyamba anakangana. Dzanja la mmisiri silifuna zokhota, ndiye bambowo anauwongola mtandawo, mabowo n'kutalikirana mofanana bwinobwino, ndipo kadontho kachisanu kokhala pambali anangokasiya.

"Bambo, anakuuzani ndani kuti kumwamba amasefako ufa?" anatero mkazi wawo. "Boolani pamene ndadontheza. Nzeru zanuzo muzisungira zidebe."

Kuyambira pamenepo sanawongolenso.

Mayiwo anadwala masabata atatu okha, n'kutisiya. A Khokhokho sanalire pa maliro, sanalirenso pambuyo pake. Sikuti ankadzilimbitsa, ayi. M'kati munalibe kanthu basi. Ankadzuka, kutsegula shedi, kukhoma, kudya chimene apeza osamva n'mchere womwe, kupukuta zida ndi kansanza ka mafuta, kutseka. Anthu ankati, "Koma bambo aja ndi olimba mtima." Zamkutu! Munthu anali atangozizira ngati lata la m'mawa.

Pa shelefu, kuseri kwa mtovu womatira zidebe, panali chitini chimodzi chimene mayiwo anadontheza chaka chathacho koma chinatsala chosaboola. Zovala zawo abale anatenga, makope awo anatsala kusukulu. Cholembedwa ndi dzanja lawo chimene mwamuna wawo anatsala nacho chinali madontho asanu amenewo. Sankachitsitsa, sankachipukuta. Ankangodziwa kuti chilipo, ndiponso kuti msomali ukangochikhudza, inkiyo yapita.

Patatha miyezi isanu kunabwera mphunzitsi watsopano, mtsikana wa nsapato zafumbi, atanyamula thumba la zitini likuchita phokoso.

"Pepani bambo, ndakuvutitsani," anatero mphunzitsiyo. "Ana akundisowetsa mtendere, ati akufuna nyenyezi zimene anaona akulu awo. Ine kadonthezedwe kake sindikadziwa."

"Zilipo zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zitatu. Lachisanu mubwere ndithu ndi hamala, mwina pena patsala pakuthwa pocheka ana."

"Siyani pamenepo."

Anayesa kaye za pamtima pa chidutswa cha lata. Inatuluka sefa. Anaiyang'ana n'kuiponya pa mulu wa zotaya. Kenako anatsitsa chitini chija, kuyalapo pepala lopyapyala, n'kukopera madonthowo ndi pensulo. Zitini zonse za mphunzitsi anaziboola potsata pepalalo, cha mkazi wawo osachikhudza. Lachisanu anachiika m'chikwama pamodzi ndi hamala ndi msomali, kuti akaone ngati zakudenga zikufanana ndi madontho enieni a mkazi wawo.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Mawindo a kalasi anali atatchingidwa ndi mabulangete opanidwa ndi zopanira zovala, ndipo m'katimo munkanunkha guluu ndi makoko a malalanje. Ana anakhala pansi, mphunzitsi n'kuyamba kugawa zitini. Zinatha, mwana mmodzi alibe. Kanali kamtsikana kometa mpala, koyamba sukulu Lachitatu lomwelo, zitini zitapita kale kwa mmisiri.

"Mayo ine, ndinaiwala!" anatero mphunzitsi atagwira pakamwa. "Iwe, ubwerekana ndi mnzakoyo, wamva? Lolemba tikupezera chako."

Mnzakeyo anakumbatira chitini chake n'kufulatira. Kamtsikanako sikanalire. Kanangoika manja pa maondo n'kumayang'ana khoma, kali duu. A Khokhokho anakayang'ana nthawi yaitali. Kakhalidwe kameneko ankakadziwa bwino, ndi mmene iwo ankakhalira pa benchi lawo makasitomala akatha.

Anatuluka panja n'kukhala pa sitepe. Anavundikira chitini cha mkazi wawo pa simenti, kuika msomali pa dontho loyamba. Kho! Anasuntha msomali. Kho! Kho! Kho! Kanatsala kapambali kaja, kamene anakanganirana chaka choyamba. Anakayang'ana pang'ono, n'kukhomanso. Anasalaza mokuthwa monse ndi hamala, kuyesa ndi chala, n'kubwerera m'kalasi.

"Tenga, mwanawe."

"Zikomo, agogo," kanatero kamtsikanako, kakulandira ndi manja awiri.

Mphunzitsi anatseka chitseko, m'kalasi n'kuchita mdima wa bii. Matochi analipo atatu okha, ndiye ankayenda dzanja ndi dzanja. Timitanda topendekeka tinayamba kuyendayenda kudenga, ana akukuwa ngati awaponda. Wina anati iye akuona mwezi, bodza lenileni. Wina anaunika nkhope ya mphunzitsi, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. A Khokhokho anakweza maso. Zaka zonsezo mkazi wawo ankabwera kunyumba mawu atasasa Lachisanu limeneli, ndipo lero ndi pamene anadziwa chifukwa chake. Anadikira kuti mwina china chake chigwedezeka m'chifuwa. Palibe chinagwedezeka. Khosi lokha ndi limene linawawa chifukwa choyang'ana m'mwamba.

Poweruka mwana aliyense anatenga chitini chake kupita nacho kwawo, monga mayi aja anakhazikitsira. Kamtsikana kometa kaja kanadutsa pa geti kakumenya chake ndi kamtengo, osacheuka.

A Khokhokho anabwerera kushedi. Anapeza mayi wina akuwadikira ndi poto wobooka, anamata potoyo, mayiyo n'kumapita. Nthawi yotseka itakwana anatenga kansanza ka mafuta kaja. Anapukuta hamala, kupukuta sizasi yodulira malata, kupukuta pulayala. Atatola msomali anaona kunsonga kwake kabuluu pang'ono, kosaposa kanjere ka mchenga.

Anaima choncho, msomali dzanja ili, kansanza dzanja linalo. Chitsulo chosapukuta chimachita dzimbiri, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense mu msewu umenewo. Anauika msomaliwo pa shelefu, kuseri kwa mtovu, pamene panali chitini, n'kukoka chitseko.