A Chizule ndi Ngodya ya Kumunsi

Achimwene anga analonjeza akadali mnyamata, ndevu zisanakhwime, ndipo analonjeza mokweza anthu akumva. Misa inali itangotha. Anaima pakhomo la chipinda chovalira ansembe, nagwira dzanja la bambo mfumu a nthawi imeneyo, nkhalamba imene inkanunkha fodya ndi makandulo, nati: "Bambo, udzu uwu ndinaubweretsa ndine pamsana pangapa. Sindidzafa ukadali m'munda wa tchalitchi."

Bambo mfumu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye udzakhalitsatu, mwana wanga."

Anakhalitsadi. Okonza kalata ya parishi andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, poganiza kuti munthu amene anakhalitsa kunja ndiye wodziwa kulemba. Ndawerengapo mbiri zambiri za anthu oyera, ndipo zambiri mwa izo zimandigonetsa tulo, chifukwa olembawo amamuchapa munthu mpaka osatsala fungo. Achimwene anga ankanunkha thukuta ndi dothi, ndipo ndiwalemba choncho.

Tinabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu yosungiramo tirigu, kumene bambo athu anali mlonda. Fumbi la mankhusu linkalowa paliponse, m'tsitsi, m'mabulangete, ngakhale m'buku la mapemphero la mayi. Achimwene ndiwo ankaliza belu la tchalitchi, atalendewera pa chingwe chifukwa chochepa thupi. Bambo athu atamwalira, zinaonekeratu kuti mmodzi yekha wa ife ndiye apitirize sukulu. Mutu wa masamu unali wawo, osati wanga. Koma iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati: "Iwe ndiwe mlesi, khasu lingakuphe. Pita kusukulu." Sanaibwerezenso nkhaniyi moyo wawo wonse.

Kenaka kunagwa chilala chimene akuluakulu akuchikumbukabe. Anthu anadya ndi mbewu yomwe. Mvula itayandikira, kunabwera malole a mbewu ya chithandizo yochokera kumayiko osiyanasiyana, matumba olembedwa zilembo zimene ngakhale bambo mfumu sankatha kuwerenga. Parishi ndiyo inkagawa, ndipo achimwene ndiwo ankasenza matumbawo kuchoka pa lole kupita kwa aliyense. Chaka chimenecho anthu anakolola, nayamika Mulungu. Chaka chotsatira, pakati pa tirigu panamera mlendo.

Anthu anamutcha kafanane, chifukwa akali wamng'ono sasiyana ndi tirigu: tsamba lomwelo, kubiriwira komweko. Umamuzindikira pokhapokha utagwada n'kuyang'ana patsinde, pamene pamafiira pang'ono. Amadya chakudya cha tirigu, amamuphimba, ndipo njere zake zimayoyoka masiku ochepa kukolola kusanayambe, n'kugona m'nthaka zaka ndi zaka kudikira nthawi yake. Palibe amene anawaloza chala achimwene. Anadziloza okha. Munda wa tchalitchi unali umene masisitere ankatengako tirigu wopangira mkate wa pa guwa, ndipo kwa iwo zinali ngati alowetsa mbuzi m'nyumba ya Mulungu. Lonjezo lija linachokera pamenepo.

Ntchito yawo yolipidwa inali yoyendetsa makina opetera mbewu. Akaweruka, ankamanga zidutswa za tayala m'maondo, n'kulowa m'munda wa tchalitchi chokwawa, mzere ndi mzere, thumba likukwekwereka pambuyo. Ankazula ndi zala, kugwedeza dothi, kuponya m'thumba, kukatentha kumapeto kwa munda. Ana anawatcha a Chizule, dzinalo linakakamira, mpaka ansembe atsopano ankaganiza kuti ndi la ubatizo. Korona sankaigwira m'manja chifukwa manja anali otanganidwa. Ankapemphera powerengera mapesi amene azula. Ankakonda kunena kuti: "Ena amagwada kuti apemphe. Ine ndinagwada kale, ndiye ndimangopempheratu."

Anakwatira telala wa pafupi ndi positi ofesi, mkazi wa pakamwa pakuthwa ngati lumo. Mlamu wangayo ndiye anawasokera timapilo ta m'maondo m'malo mwa matayala aja, akulalata. "Ine ndinakwatiwa ndi msana wa munthu," ankatero pamaso pa alendo. "Nkhope yake ndimaiona Lamlungu basi." Achimwene ankangoyankha kuti, "Ndiye mwapulumuka, amayi, msanawu ndiye wokongolako." Anabereka ana awiri. Wamwamuna anamwalira ndi malungo asanayambe sukulu. Tsiku lotsatira maliro, anthu anawaona achimwene ali m'mizere ya tirigu, ndipo ena anati munthuyu alibe mtima. Mlamu anawayankha yekha: "Asiyeni, kumeneko ndiye kumene amalirira."

Mankhwala opha udzu atabwera, dera lonse linapuma. Mnansi wawo, mwini thirakitala yoyamba m'derali, ankapopera munda wake wonse dzuwa lisanafike pamutu, n'kuima pa mpanda akusuta.

"A Chizule! Mwagwadabe? Misa inatha kalekale!"

"Yanga ndi yaitali, achimwene."

"Ndikupopereni ulere. Mawa mudzuka mukuyenda ngati munthu."

"Botolo lanulo lajambulidwa chigaza. Tirigu uyu akupita pa guwa. Zikomo."

Sankanyoza opopera, ndipo sankalalikira za izi. Mnansiyo akadwala, achimwene ndiwo ankamuperekeza kuchipatala, akutsutsana njira yonse.

Zaka zonsezi ine kunalibe. Ndinali kumizinda yozizira, kumene anthu amadya mkate osadziwa kuti tirigu amamera chotani. Nditabwerako tsitsi litayera, ndinapeza mitengo ya m'mbali mwa msewu inadulidwa, mabenchi a m'tchalitchi asanduka mipando ya pulasitiki, ndipo belu lija lili chete pamwamba pamene chimkuzamawu chikuliza belu lojambulidwa. Nyumba yathu inasanduka malo ogulitsira mafoni. Mlamu anali atagona kale kumanda. Ndinayenda msewu wonse osapeza chimene chikundidziwa, mpaka nditafika kuseri kwa tchalitchi. Pakati pa tirigu panali msana uja, wopindika kuposa kale. Anatukula mutu, nandiyang'ana, nati: "Mlesi wafika. Usaponde mzere."

Munda unali woyera. Kafanane anali atatsala pa ngodya imodzi yokha, ya kumunsi, kumene madzi amakhalitsa. Chaka chilichonse ankamera wocheperachepera, chifukwa sankamulola kubereka, ndipo njere zakale za m'nthaka zinali kutha. Achimwene ankayerekeza kuti nyengo ina imodzi, zikavuta ziwiri, atsiriza. Maondo anali atatupa, mtima unkawavuta, koma ankayenda ngati munthu amene akuona kale denga la kwawo.

M'minda ya ena zinthu zinali zitatembenuka. Mankhwala anasiya kugwira. Mwini thirakitala uja ankapopera kawiri, katatu, kusintha mabotolo, kafanane n'kumangobiriwira ngati wamuthirira madzi. Ena anasiya kulima tirigu.

Mwana wamkazi wa achimwene anaphunzira za chibadwa cha zomera mpaka pamwamba penipeni, ndipo bambo ake ankamutcha Dokotala wa Udzu. Anayendayenda m'dera lonse akudula timasamba ta kafanane, kuika m'timabotolo, kupita nato kokayeza. Loweruka lina anabwera kunyumba, nakhala pa khonde osavula nsapato. Ine ndinalipo.

"Ababa, ndili ndi nkhani, koma musandithamangitse."

"Wapeza mwamuna?"

"Ayi."

"Ndiye palibe choopsa. Nena."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati matumba aja anachokera kumayiko ambiri, choncho kafanane amene analowa kuno sanali wa banja limodzi. Anali mabanja ambiri, ofanana nkhope koma osiyana magazi. Mankhwala anapha mabanja onse kupatula limodzi limene linali ndi mphamvu yopirira, ndipo limenelo, litasowa opikisana nalo, linadzaza dera lonse. "Munda uliwonse umene ndayeza, ababa, ndi banja lomwelo. Kupatula pa ngodya panu paja. Dzanja lanu silinasankhe magazi, linkangozula aliyense. Mabanja akale onse akadalipo pamenepo, ndipo sanalawepo mankhwala. Tikafuna kudziwa chimene chinasintha mwa winayu, ndi pamene pali kufooka kwake, tiyenera kumuyerekeza ndi akalewo. Kwina kulikonse anatha."

"Ndiye tenga masamba. Ndikudzazira thumba."

"Masamba sakwanira. Ndikufuna njere zokhwima."

Achimwene ankadziwa kuposa tonsefe tanthauzo lake. Kafanane akakhwima, ngakhale utamuveka timatumba, njere zina zimagwa ndithu, ndipo zogwazo zimagona m'nthaka zaka zambiri kuposa zimene iwo anatsala nazo.

"Ukudziwa chimene ndinalonjeza."

"Ndikudziwa, ababa. Ndinakulira kuseri kwa msana umenewo."

"Ndipo ukatenga njerezo, anthuwa tirigu wawo achira?"

"Sindingalonjeze."

"Wachita bwino," anatero. "Kulonjeza n'kodula."

Ine ndinalowererapo, ndinati malipoti a akatswiri ndawaona ambiri, amathera m'makabati. Onse awiri anandiyang'ana ngati ndatsokomola pa nthawi yokweza mkate.

Lamlungu achimwene anapita kwa bambo mfumu a tsopano, mnyamata wabwino mtima amene amalemba ulaliki wake pa foni. Wansembeyo anamvetsera, nati lonjezo lotere Mpingo ungathe kulimasula popanda vuto, tsiku lomwelo. Achimwene anathokoza mwaulemu, nati: "Pepani bambo, koma sindinalonjeze inu." Anatuluka, nakakhala nthawi yaitali pa manda a bambo mfumu akale aja, chipewa chili pa bondo. Pobwerera anadzera ku mpanda wa mnansi wawo. Anamupeza ataima m'munda mwake, kafanane akumufika m'chiuno, tirigu osaoneka. Mnansiyo sanaseke tsiku limenelo.

"A Chizule, munali olondola ndinu."

"Ayi, ine ndinali ndi munda waung'ono chabe. Wanuwu mukanagwada, mukanafera pakati."

M'mawa mwake ndinawapeza ku ngodya ya kumunsi ali ndi zikhomo ndi chingwe. Anazunguliza malo onse amene kafanane anamera, namangirira nsanza zofiira kuti wina asalakwitse n'kuzula. Manja awo ankapita okha ku mapesiwo, iwo n'kuwabweza, mpaka anawaika m'matumba a buluku. Nditawafunsa chimene adzawauze bambo mfumu akale, anati: "Ndikawauza ndekha ndikafika. Anaseka poyamba paja, akasekanso."

Nyengo yonseyo anamusamala mdani wawo monga ankasamalira tirigu. Ankathamangitsa mbuzi, ankaopseza mbalame, ankathandiza mwana wawo kuveka ngala timatumba ta pepala. Aka kanali koyamba kuti amuone kafanane wa m'munda mwawo atakula mpaka kumasula, ndipo ankamuyang'ana modabwa ngati munthu amene waona nkhope ya mnzake wa pa lamya. "Taonani," ankatiitana, "uyu ngala yake ndi yaitali, uyu ndi yakuda, uyu ali ndi ndevu ngati za mlesiyu. Moyo wanga wonse ndimayesa ndi munthu mmodzi." Dokotala wa Udzu ankalemba manambala pa timatumbato, iwo ankawapatsa maina a anthu a m'kwaya. Sindinawaonepo akuseka kwambiri ngati miyezi imeneyo. Mbali yotsala ya munda anaizulabe mpaka tsiku limene maondo anakaniratu.

Njere zitakhwima, mwana wawo anadzaza mabokosi, napita nawo. Zimene apeze sitikuzidziwa. Akuti ntchito yotere imatenga zaka. Masisitere analandira tirigu wawo woyera monga mwa nthawi zonse.

Achimwene anamwalira masana a Lachisanu, atalandira masakramenti, ali pa mpando wa pa khonde umene anapempha kuti tiutembenuzire ku munda. Mnansi uja analipo, Dokotala wa Udzu atagwira dzanja la bambo ake. Zala za dzanja linalo zinkagwedezeka pa bulangete, kutsina ndi kusiya, kutsina ndi kusiya, milomo ikutsatira. Kenaka zinaima. Pa maliro, achinyamata anakwera pamwamba, namasula chingwe, naliza belu lenileni.

Inu amene mumalandira mkate wa pa guwa m'parishi muno, mwakhala mukudya ntchito ya maondo amenewo kuyambira muli ana. Timapilo tawo tili pa msomali m'chipinda chovalira ansembe, ndipo bambo mfumu akuti aliyense wofuna angathe kutibwereka.

Achimwene analonjeza kuti sadzafa udzuwo ukadali m'munda wa tchalitchi. Tinawaika m'manda mvula yoyamba itagwa. Ku ngodya ya kumunsi, mkati mwa chingwe cha nsanza zofiira, kafanane wamera thothotho.