Njerwa za Mkamwini

Amuna anga anabwera ku chikamwini kwathu ku Zingalume ndi zinthu ziwiri: chikombole cha njerwa ndi karate. Karateyo anaitola ku boma la Chadiza, m'kanyumba koonetsera vidiyo, zaka zija zipani zitangochuluka.

Amayi sanabise mawu: mvula ikagwa nyumba isanaime, mkamwini abwerere kwawo. Koma paja mpongozi ndi mkamwini sayankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye uthenga wonse unkadzera mwa ine.

Kuumba anaumba ndithu, njerwa zokongola zouma ndi dzuwa. Vuto linali m'mawa. Ankatenga imodzi n'kuisanjika pa zinzake ziwiri, kuwongola zala, chala chachikulu n'kuchipinda, kenaka kukuwa kuti "Hiyaa!" M'mphepete mwa dzanja phwaa! Njerwa pakati. Nkhuku balala!

"Iwe," anatero amayi, "kawauze amisala akowo kuti njerwa si maungu."

Ine kukafika: "Amayi akuti muli ndi mphamvu."

Nanga ndikanatani? Munthuyo ndinkamukonda, ndipo mtima wake unali wosachedwa kugwa. Koma mayo ine, atamva kuti apongozi awayamikira, anayamba kuswa ziwiriziwiri! Mulu wa zidutswa unkangokula kuseri kwa nkhokwe, mitambo nayo ikusonkhana cha ku Mozambiki. Ndinaonda ndi mantha, osanama.

Tsiku lomanga linafika. Amalume, amene ankadziwa zomangamanga, anayala mzere woyamba bwinobwino. Atafika pakhomo panafunika njerwa ya theka. Anayesa kudula ndi chikwanje, njerwa inangofumbutuka. Anayesa ina, chimodzimodzi. Akupukuta thukuta, maso awo anagwera pa mulu uja. Anatola chidutswa chimodzi n'kuchiika pakhomopo. Chinakhala khathi, ngati anachiumbira pomwepo.

Pakhomo, m'mawindo, m'ngodya, monsemo munalowa zidutswa za karate mpaka mulu unatha psiti. Amalume ali pamwamba anafuula, "Akamwini, tadulani ina!"

"Hiyaa!"

Ana a m'mudzi anaunjikana, aliyense akumenya mphepo ndi kadzanja kake. Amayi ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe, chitenje chili pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ankaganiza kuti sindikuwaona.

Mvula yoyamba inapeza udzu uli padenga. Itakata, amayi anabwera ndi tambala m'khwapa n'kuima chapatali ndi khomo lathu. Anandikodola, n'kundipatsa tambalayo, maso ali kumbali.

"Kawauze kuti ali ndi mphamvu," anatero chapansipansi.

Ndinalowa m'nyumba misozi ili lengelenge, n'kupereka uthengawo monga ndinaulandirira, osachotsa kapena kuwonjezera. Amuna anga anayang'ana tambala, n'kuyang'ana ine.

"Aa," anatero, "si anandiuza kale zimenezo?"